Mazira 47 m'beseni la mayi

Loweruka lapitali ndinawerenga mazira 47 m'beseni la mayi. Magetsi anali atazima masiku awiri, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mazira atatu anali atasukusa kale. "Iwe wophunzira, tiwatani amenewa?" anandifunsa mayi. Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Chakudya cha nkhuku zawo zakuda zija amagula ndi ndalama ya kubanki m'khonde, ndiye dzira lililonse lowola ndi ngongole.

Agogo, amene anali pamphasa akutimvetsera, anangopukusa mutu. Vuto limeneli pa utsikana wawo kunalibe. Nkhuku yachikuda imaikira mazira 10 kapena 15, kenako imasiya, n'kuwafungatira masiku 21, n'kuyamba kuyenda ndi anapiye. Dzira silinali ndiwo ayi, linali nkhuku ya mawa: yophera mlendo, yolipira mlandu kwa amfumu, yogulitsa mwana akadwala. N'chifukwa chake ndimaganiza kuti miyambo ija inali mpanda wotchingira chisa. Mayi woyembekezera ankamuuza kuti akadya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi. Ana nawonso ankawaopseza ndi matenda. Zoona zake n'zakuti dzira silimeta mwana aliyense, koma khola linkadzaza.

Nanga zinasintha bwanji? Nkhuku zakuda zimene timati za Mikolongwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Alimi a ku Australia anazipanga kuchokera ku mtundu wa Orpington wa ku England, ndipo cholinga chawo chachikulu chinali mazira. Thadzi lina la mtunduwu linatchuka poikira mazira 364 m'masiku 365. Zaka zoposa 50 zapitazo boma linayamba kuziswetsa ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, n'kumazigulitsa m'midzi kuti zisakanikirane ndi zachikuda. Dzina la malo linasanduka dzina la nkhuku. Mazira anachuluka, koma nzeru yowasungira sinabwere limodzi ndi nkhukuzo.

Anzathu amene anakumana ndi vutoli kalekale anali nazo njira zawo, firiji isanabwere. Ku Ulaya nkhuku zimachepetsa kuikira m'nyengo yozizira, ndiye mazira a nthawi ya zambiri ankawamiza m'madzi a laimu kuti akhale miyezi. Ku China amaviika mazira a abakha m'madzi a mchere, ena amawamata phulusa, laimu ndi mchere. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, munthu wamkulu ku Britain ankaloledwa dzira limodzi pa sabata, ndipo mu 1942 kunayamba kufika mazira aufa ochokera ku America. Ife makolo athu anali ndi nkhokwe ina, yamoyo: thadzi lenilenilo.

Ndiye Loweruka lija tinasakaniza zakale ndi zatsopano. Poyamba tinawayesa m'ndowa ya madzi, pang'onopang'ono. Dzira labwino limamira, lokhalitsa limayandama chifukwa mpweya wachuluka m'kati mwake. Onyowawo tinagwirizana kuti asakhalitse, poti madzi amachotsa kachikuto kamene kamatseka timabowo ta chikhokhombe. Mazira 12 atsopano, amene sitinawanyowetse, tinaikira thadzi lachikuda la aneba limene linkafungatira chisa chopanda kanthu, anapiye tidzagawana. Ena 20 mayi anawiritsa, mng'ono wanga n'kukagulitsa pamsewu ndi mchere ndi tsabola. Pofika madzulo ndalama ya thumba la madeya inali itakwana.

Otsalawo tinakazinga ndi tomato ndi anyezi. Ana a pakhomo anadya mpaka kunyambita mbale, popanda wowaopseza. Agogo anatenga mbamu yawo, n'kususa, n'kutafuna mwakachetechete. Kenako anati, "Ine ndinabereka ana asanu ndi awiri osalawa dzira. Bambo ako uyo, dazi analitenga kuti?"

Mayi anaseka mpaka misozi. M'mawa mwake m'khola munali mazira ena 8.