Mbiri ya Kulera Achinyamata m'Thupi ndi mu Mzimu m'Dziko la Mbamba Bay ndi Liparamba

Pamene Sinodi ikukumbukira zaka zimene Mulungu watiyendetsa, nkoyenera kuti tisawerenge matchalitchi okha amene anamangidwa, kapena maina a ansembe okha amene anadzozedwa, koma tikumbukirenso ntchito ina imene makolo athu m'chikhulupiriro anaigwira mosadzitama, ndiyo yophunzitsa ana kadyedwe koyenera, kulimbitsa thupi, ndi kusamala moyo wao pa nyanja. Dziko limene tikunena pano ndi la kum'mawa kwa Nyanja ya Nyasa, kuyambira ku Liuli, kudzera pa Mbamba Bay, mpaka ku Liparamba kufupi ndi malire a Mozambique. Lero dzikoli lili m'boma la Nyasa, limene linapatulidwa ku boma la Mbinga m'chaka cha 2012.

Uthenga Wabwino unafika kuno pa madzi. Bambo William Percival Johnson, wa mishoni ya UMCA, anafika pa nyanja m'chaka cha 1882 pamodzi ndi Bambo Charles Janson, amene anamwalira chaka chomwecho. M'chaka cha 1885 mishoni inakhazikika pa Likoma, ndipo sitima yotchedwa dzina la Janson inayamba kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, kutula aphunzitsi ndi kutsegula masukulu. Sitima yaikulu ya Chauncy Maples inayamba ntchito m'chaka cha 1901, ndipo m'kati mwake munali malo opemphereramo ndi ophunziriramo. Bambo Johnson anamwalira pa Liuli m'chaka cha 1928, ndipo manda ao ali pomwepo kufikira lero.

Phunziro loyamba la kusamala moyo linabwera ndi misozi. Pa 2 September 1895, Ambuye Bishopu Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ku London, anali pa ulendo wopita ku Likoma m'boti lachitsulo pamene mphepo yamkuntho inawapeza. Boti linagubuduzika, ndipo Bishopu anamira pamodzi ndi mnzao Joseph Williams. Patapita zaka 51, pa 30 July 1946, sitima ya Vipya inanyamuka pa dooko la Mbamba Bay nimira kufupi ndi Florence Bay, ndipo anthu 145 anatayika. Ngozi ziwirizi zinatsimikiza chimene akuluakulu a m'midzi ankadziwa kale, kuti nyanja siiona nkhope ya munthu. Asodzi akale ankaphunzitsa ana ao kuzindikira mwera, mphepo yochokera kumwera imene imakula m'miyezi yozizira, ndiponso kudziwa madooko a ng'ona, ndi kusadzaza bwato kuposa muyeso wake. Nzeru imeneyi sinabwere ndi Azungu ai, inali ya eni dziko.

Za umoyo, dzina loyenera kulikumbukira ndi la Dr Robert Howard, amene anafika pa Likoma m'chaka cha 1899. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake Ronald Ross anali atapeza ku India kuti malungo amafala ndi udzudzu. Dr Howard anagwiritsa ntchito nzeru imeneyo, nalimbikitsa nyumba zotchinga udzudzu ndi kumwa kwinini, ndiponso anaphunzitsa anyamata a kuno ntchito ya chipatala. Chipatala cha St Anne pa Liuli, chimene chinayamba m'chaka cha 1906, chinamera pa maziko omwewo, ndipo chatumikira anthu a gombe lino kwa zaka zoposa 100.

Tikafika pa nkhani ya chakudya, tiyenera kunena zoona zake. Chakudya chenicheni cha m'mbali mwa nyanja ndi kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa. Chinangwa chili ndi ubwino wake: chimapirira chilala, chimabereka pa dothi la mchenga, ndipo chimasungika pansi kufikira tsiku la njala. Koma chimakhutitsa mimba osamanga thupi, pakuti zakudya zokulitsa mwana nzochepa m'menemo. Komanso chinangwa chowawa chili ndi ululu, umene umachoka pokhapokha chitaviikidwa m'madzi masiku okwanira ndi kuyanikidwa bwino. Anthu akafulumira chifukwa cha njala, ululu umatsala. Izi zinaoneka ku Nampula, m'dziko la Mozambique, m'chaka cha 1981, pamene chilala chinachititsa anthu kudya chinangwa chosaviikidwa mokwanira, ndipo ambiri, makamaka amai ndi ana, anapuwala miyendo. Choncho mai wophunzitsa mwana wake wamkazi kuviika chinangwa mosathamanga akugwira ntchito yofanana ndi ya sing'anga.

Mulungu sanasiye kondowole yekha. Anaika pambali pake usipa, utaka ndi mpasa za m'nyanja, ndiponso chigwada, ndiwo ya masamba a chinangwa chomwecho. Ku mapiri a Amatengo, kumene anthu amalima m'maenje otchedwa ngoro kuti mvula isakokolole nthaka, kumachokera nyemba ndi chimanga. Kusinthana kwa nsomba za ku gombe ndi mbewu za ku mapiri kunadyetsa mbali zonse ziwiri. Akatswiri anafika mochedwa pa chimene agogo athu ankachita. Dr Cicely Williams anatchula nthenda ya kwashiorkor m'chaka cha 1935 ku Gold Coast, ndipo m'chaka cha 1938 Dr B. S. Platt anayamba kufufuza kadyedwe ka anthu m'boma la Nkhotakota, kutsidya kwa nyanja, kuyerekeza mudzi wa ku gombe ndi midzi ya kumtunda.

Za masewera, mwana wa ku nyanja sanasowepo cholimbitsa thupi. Kupalasa bwato, kukoka khoka, kusambira, ndi kuyenda mtunda wautali kupita ku sukulu zinali ntchito za tsiku ndi tsiku. Mpira wa miyendo unkaseweredwa pa sukulu ya St Andrew ku Kiungani, pa Zanzibar, kumene atsogoleri oyamba a mpingo wa ku nyanja, monga Augustine Ambali ndi Leonard Kamungu, anaphunzira, ndipo unafala pamodzi ndi masukulu a mishoni. Pambali pa mpira panali magule a eni dziko, mganda wa amuna ndi chihoda cha akazi. Ngakhale atsogoleri ena a mipingo ankawakayikira, magulewa anaphunzitsa achinyamata mwambo, ukhondo wa zovala, kusunga nthawi ndi kumvera mtsogoleri, ndipo midzi inkachezerana ndi kupikisana mwamtendere.

M'chaka cha 1952 mbali ino inachoka mu Dayosizi ya Nyasaland nikhala ya South-West Tanganyika, ndipo m'chaka cha 1971 Dayosizi ya Ruvuma inabadwa. M'zaka zomwezo ntchito yolera ana inasintha manja. Mwalimu Julius Nyerere analengeza maphunziro a kudzidalira m'chaka cha 1967, ndipo masukulu anayamba kukhala ndi minda yaoyao. Lamulo la maphunziro la 1969 linaika masukulu a mipingo m'manja mwa boma. Kenaka kunabwera maphunziro a pa wailesi, Mtu ni Afya m'chaka cha 1973 ndi Chakula ni Uhai m'chaka cha 1975, pamene anthu ankasonkhana m'timagulu kumvera ndi kukambirana za zimbudzi, madzi abwino ndi chakudya cha ana. Zimenezi zinapindulitsa dziko. Koma panali choopsa chimodzi, chakuti Akhristu angaganize kuti za thupi tsopano nza boma, ndipo mpingo watsala ndi za mzimu zokha.

Ganizo lotere silingatithandize, pakuti ntchito ikadalipo. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2022 anapeza kuti ana 30 mwa 100 alionse osafika zaka 5 m'Tanzania ngopinimbira, ndipo chigawo cha Ruvuma, chimene chimadyetsa dziko ndi chimanga, chinaposa chiwerengero chimenecho. Usipa ukauma umakwera galimoto kupita ku misika ya kutali, mwana wa msodzi natsala ndi kondowole wopanda ndiwo yokwanira. Likodzo limabisala m'nkhono za m'madzi odekha m'mene ana amasamba. Anyamata amapita ku usodzi wa usiku popanda chovala choyandamitsa munthu pa madzi, ndipo ena amathamangitsa njinga zamoto pa msewu wa ku Mbinga popanda chisoti.

Tsono abale ndi alongo mwa Ambuye, zida zogwirira ntchitoyi tili nazo kale. Tili ndi Sande sukulu, makalasi a ofuna kulimbikitsidwa, magulu a achinyamata, makwaya, ndi chigwirizano cha amai chimene Mary Sumner anachiyamba m'chaka cha 1876. Parishi iliyonse ingathe kukhala ndi dimba la masamba, nyemba ndi mtedza losamalidwa ndi achinyamata. Amai angaphunzitse atsikana, ndi anyamata omwe, kusinja usipa ndi kuuthira m'phala la mwana. Asodzi okalamba aitanidwe kudzafotokoza za mphepo ndi madooko, makamaka pa 25 July, tsiku limene maiko anapatula m'chaka cha 2021 kuti likhale lokumbutsana za kupewa kumira. Bwalo la mpira pa tchalitchi lisalimidwe chinangwa.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Amene anatitsogolera anatisiyira sukulu, chipatala ndi guwa pa malo amodzi, chifukwa anadziwa kuti Mwini mzimu ndiye Mwini thupi. Mulungu atipatse nzeru ndi mphamvu kuti ana a Liuli, Mbamba Bay ndi Liparamba akule amoyo, olimba ndi oopa Iye.