Kuchokera M'dothi Kukafika M'kapisozi

Mvula yoyamba ikagwa ku Lisasadzi, alimi ali kalikiliki kukonzekera kuwokera fodya, dothi limatulutsa kafungo kokoma kaja. Kafungoka kamachokera kwa tizilombo ta m'nthaka totchedwa Streptomyces. Mu 1943, Albert Schatz, wophunzira wa Selman Waksman ku America, anapeza streptomycin mwa tizilombo ta mtundu womwewu. Amenewa ndiwo mankhwala oyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu. Chloramphenicol anatsatira mu 1947, erythromycin mu 1952.

Madokotala ankachiritsa nawo anthu asanadziwe bwino pomwe mankhwalawa amalasa. Onsewa amalasa malo amodzi: ribosome, kachigayo ka m'selo kopanga mapuloteni, komwe mtima wake ndi RNA. Mu 1977, Carl Woese anagwiritsa ntchito RNA imeneyi polondola mibadwo ya zamoyo, chifukwa mbali zake zina sizinasinthe kwenikweni kuyambira kalekale. Apa mpomwe pagona nkhani. Kachilombo kakasintha mbali yotereyi, nthawi zambiri kamadzipundula kokha, choncho mpoyenera kulunjikapo muvi. Koma chibale chimapwetekanso: ma ribosome a m'mitochondria, tizigawo ta m'maselo athu, amafanana ndi a mabakiteriya, n'chifukwa chake jakisoni wa streptomycin ankagonthetsa odwala ena makutu.

Mu 2000, magulu a Venkatraman Ramakrishnan, Thomas Steitz ndi Ada Yonath anaonetsa kapangidwe ka ribosome mwatsatanetsatane, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Kuyambira pamenepo akatswiri amaumba mankhwala akuona pokawalowetsa. Mwachitsanzo, cresomycin wa ku Harvard analengezedwa mu 2024. Mu 2025, ofufuza a ku McMaster University ku Canada anapeza lariocidin m'dothi la kuseri kwa nyumba, ndipo mankhwalawa amagwira ribosome pamalo atsopano.

Kwathu kuno phindu taliona ndi maso. Azithromycin, mdzukulu wa erythromycin, anagawidwa m'maboma angapo polimbana ndi nthenda ya maso ya trachoma, ndipo mu 2022 WHO inavomereza kuti Malawi waigonjetsa. Koma ku Blantyre, kuyambira 2011, taifodi yosamva chloramphenicol inachuluka. Mabakiteriya amabwerekana njira zodzitetezera, ndipo ife timawathandiza tikamasiyira mankhwala panjira kapena kuthira makapisozi m'madzi a nkhuku. Zimenezi zimandiwawa mtima, poti mankhwala atsopano amatenga zaka zambiri kuti afike pachipatala cha kumudzi.

Abale anga a ku Kasungu, mankhwala amene adokotala akulemberani imwani monga mwauzidwira, ndipo nkhuku zikadwala funsani alangizi a ziweto.