Pombe wa ku Chitima sanaphe ndi ndulu ya ng'ona

Anzanga a kalabu ya omvera, kuno ku Mateus Sansão Muthemba ambiri tikukumbukabe Januwale wa 2015. Ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu anamwa pombe tsiku la maliro. Anamwalira 75, pamodzi ndi mayi amene anafulula mowawo. Odwala anapitirira 200.

Mphekesera inali ponseponse, m'minibasi ndi m'misika momwe: eti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Paja kwathu kuno imfa yotere sitichedwa kuisakira mwini.

Koma akatswiri anatenga mowawo kukaupima mpaka ku America. Pofika Novembala yankho linabwera: vuto linali ufa. Ufa wa chimangawo unanyowa ndi madzi a mvula, anthu n'kuona kuti nsima sungaphikire, koma mowa ungathe. Mu ufamo munaswana tizilombo totchedwa Burkholderia gladioli, timene timatulutsa poizoni wowononga chiwindi, bongkrekic acid.

Ine monga mlimi pondiopsa ndi apa: poizoniyu satha ndi moto, olo muwiritse bwanji. Ndipo chimanga chofuka m'nkhokwe ambirife sititaya, timangoti chipite kwa ofulula.