Zaka 400 Kuchoka pa Mphuno Kufika pa Khutu

Mayi anga ndi telala. Atayamba kuvutika kulowetsa ulusi pa singano, analandira magalasi kwa alendo ena amene anabwera kudzagawa aulere kwathu. Ankaona nawo bwino ndithu, koma akangoweramira pa makina, magalasiwo ankatsetsereka n'kukaima kunsonga ya mphuno. Poyamba ankawakankha ndi chala. Kenako anang'amba kansalu ka chitenje n'kuwamangirira kunkhongo. Atatopa nazo anawaika m'chitini cha mabatani. "Maso angawa akalamba basi, mwana wanga," anatero. Chonsecho vuto silinali maso kapena galasi. Linali felemu.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira mabuku, ndipo popanda magalasi sindingadye. N'chifukwa chake ndinayamba kuwerenga mbiri yake, ndipo ndinapeza kuti kansalu ka mayi kaja ena anakaganizapo kalekale.

Magalasi ovala anayamba kupangidwa kumpoto kwa Italy cha m'ma 1286. Timatero chifukwa mu 1306, mlaliki Giordano da Pisa anauza anthu mumzinda wa Florence kuti lusoli linali lisanakwanitse zaka 20. Felemu yoyambayo inali yosavuta: galasi lililonse linkakhala m'kamphete ka mtengo kapena fupa kokhala ndi kachigwiriro, ndipo tizigwiriro tiwirito ankatilumikiza ndi kamsomali. Wowerenga ankawapanitsa pamphuno kapena kuwagwira ndi dzanja. Mu 1953, magalasi otere anapezeka pansi pa matabwa m'nyumba ya masisitere ya Wienhausen ku Germany. Amaonekanso pachithunzi chimene Tommaso da Modena anajambula pakhoma ku Treviso mu 1352, pomwe Kadinala Hugh wa ku Saint-Cher akulemba atawavala, ngakhale mkuluyu anamwalira mu 1263, magalasi kulibe.

Zaka zinapita, zipangizo zinasintha, koma mtolo wonse unali pamphuno. Amisiri anayesa chikopa ndi nyanga, ndipo ku Nuremberg ankapinda waya kupanga mafelemu otchipa amene ogulitsa oyendayenda ankafika nawo m'midzi. Onsewa ankapana mphuno, ndipo munthu akawerama kapena kuyetsemula ankagwa. Anthu a ku Spain ndiwo anatchuka ndi tizingwe tokoleka m'makutu. Pachithunzi cha kadinala wina chimene El Greco anajambula cha m'ma 1600, tizingweto tikuoneka bwinobwino. Ku China ena ankangodutsitsa tizingwe pamwamba pa makutu n'kulendeweza tinthu tolemera kumapeto kwake.

Timikono tolimba timene tikudziwa lero tinaoneka ku London cha m'ma 1727, ndipo dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la Edward Scarlett. Ngakhale apo sitinafike kukhutu. Tinali tifupitifupi, tongofinya m'mbali mwa mutu, m'nthawi imene mabwana ankavala mawigi. Mu 1752 James Ayscough analengeza timikono titalitali topindika pawiri, ndipo twawaya tozungulira kuseri kwa khutu tinafala m'zaka za m'ma 1800. Tangoganizani: mphuno ndi khutu n'zoyandikana motalika ngati chala, koma ulendowo unatenga zaka zoposa 400.

Ndi m'zaka za m'ma 1800 momwemo pamene magalasi anasiya dzina kwathu ku Malawi. John Moir, amene ndi m'bale wake Frederick ankatsogolera kampani ya African Lakes yomwe inayamba mu 1878, anthu anamutcha Mandala chifukwa cha kunyezimira kwa magalasi ake. Nyumba ya kampaniyo ya mu 1882 idakalipo ku Blantyre ndi dzina lomwelo. Monga womasulira, ndimaona kuti mawu onse awiri, mandala ndi magalasi, amaloza chimene chimawala. Chimene chimagwira khungu sitichilabadira kwenikweni, mpaka tsiku limene chayamba kupweteka.

Posankha zipangizo, amisiri ankafuna chinthu chopepuka, cholimba, komanso chotheka kupinda molingana ndi mutu wa munthu. Chigoba cha kamba wa m'nyanja wotchedwa hawksbill, amene amapezekanso m'gombe la Mozambique, chinali ndi zonsezi: chikatenthedwa chimafewa, chikazizira chimasunga maonekedwe atsopanowo. Akambawo anaphedwa kwambiri, mpaka mu 1977 pangano la CITES linaletsa malonda a zigoba zawo pakati pa mayiko. Pulasitiki yoyamba, celluloid, inkatengera maonekedwe a chigobacho koma inkayaka moto msanga. Inalowedwa m'malo ndi acetate, yopangidwa kuchokera ku thonje kapena mitengo, imene nayonso imafewa ndi kutentha. Mu 1981 amisiri a ku Fukui, ku Japan, anayamba kupanga mafelemu a titanium, chitsulo chopepuka chosachita dzimbiri ndi thukuta.

Ngati mwavala magalasi, avuleni muone mkati mwa kamkono. Mwina mupezamo manambala atatu, monga 52, 18 ndi 140. Ndi mamilimita: m'lifupi mwa galasi limodzi, mpata wa pamphuno pakati pa magalasi awiriwo, ndi kutalika kwa kamkono. Miyesoyi si yokongoletsa. Galasi lililonse lili ndi pakati pake pamene payenera kuyang'anizana ndi kamwanadiso. Felemu ikatsetsereka kapena ikakula, munthu amayang'anira pambali pa malowo, ndipo ngati galasilo ndi lamphamvu maso amatopa, mutu n'kuyamba kuwawa.

Apa ndi pamene ndimaona kuti mbiriyi sinathe. Mafelemu ambiri apulasitiki amaumbidwa poganizira mphuno yaitali, yotukuka pakati pa maso. Ambiri a ife mphuno zathu ndi zazikulu m'mbali koma zotsika pamenepo, choncho felemu imasowa pokhala n'kukatsamira pamasaya. Makampani akuluakulu anazindikira vuto lofananalo ku Asia ndipo anayamba kupanga mafelemu apadera a msika umenewo. Kuno ambiri timavalabe zimene zafika: za pamsika, zogawidwa, kapena zosiyidwa ndi munthu amene nkhope yake sitinaione. Mphatso yotere siipa, ndipo kwa amene alibe ndalama ndi yokhayo. Koma magalasi amene agona m'chitini sanathandize aliyense, ngakhale wopereka anawawerenga kale m'kaundula wake.

Chaka chatha ndinapita ndi mayi kwa katswiri wa magalasi m'tauni. Anawayeza maso, anayeza mpata wa pakati pa tiana ta maso, kenako anasankha felemu yachitsulo yokhala ndi timapilo tiwiri tosunthika ta pamphuno. Anatitambasula pang'ono ndi kapulayala, n'kutenthetsa nsonga za timikono ndi kuzipinda motsata kuseri kwa makutu awo.

"Amayi, tawerameni ngati mukusoka," anatero.

Mayi anawerama, anapukusa mutu, anaweramanso. Magalasi anakhala pomwepo.

"Bambo inu, kodi zimatheka eti?"

Kupindako sikunathe mphindi khumi. Titafika kunyumba anakhala pa makina osavula n'komwe nsapato, ndipo ulusi unalowa ulendo woyamba.