Doha: mbiri ya mudzi wa ngale umene unasanduka mzinda wa alendo

Mu 1908, m'buku limene mkulu wina wa boma la Britain, J.G. Lorimer, analemba, Doha ya ku Qatar inali ndi anthu pafupifupi 12,000 ndi ngalawa 350 zosakira ngale. Kunalibe mtsinje, ndipo nthaka yake inali yosalimika. Chuma chonse chinali pansi pa nyanja yamchere.

Mudziwu unaphuka cha m'ma 1820 pambali pa mudzi wina wakale wa Al Bidda. Mu 1867 ankhondo a ku Bahrain ndi Abu Dhabi anauphwasula, ndipo chaka chotsatira Lewis Pelly wa Britain anapangana pangano ndi Mohammed bin Thani, kholo la banja limene likulamulira Qatar mpaka lero. Asilikali a ufumu wa Ottoman anakhalako kuyambira 1871 mpaka 1915, kenako mu 1916 dzikolo linalowa m'chitetezo cha Britain. Mafumu ankasinthana choncho, koma ntchito ya munthu wamba inali imodzimodzi.

Nyengo yotentha ikafika, kuyambira Juni mpaka Seputembala, amuna ankatha pafupifupi miyezi inayi ali panyanja. Wolowa m'madzi ankapana mphuno ndi kachipani, n'kuvala kadengu m'khosi, n'kuponda chingwe chomangirira mwala kuti amire msanga. Pansipo ankatola nkhono mothamanga ndi mpweya umodzi wokha, akatopa n'kugwedeza chingwe kuti mnzake wa m'ngalawa amukokere kumwamba. Ankatero kambirimbiri pa tsiku, m'mimba muli zipatso zochepa za kanjedza, mpunga ndi nsomba kudikira madzulo. Mwini ngalawa ankamukongoza ndalama nyengo isanayambe, ndipo ngongoleyo nthawi zambiri sinkatha. Bambo akamwalira, inkatsalira mwana.

Pano Mmalawi ayenera kuimapo pang'ono. Ambiri mwa amene ankalowa m'madzi anali akapolo kapena ana a akapolo ochokera kum'mawa kwa Africa. Njira imene Jumbe wa ku Nkhotakota ankaolotsera anthu panyanja yathu kupita ku Kilwa ndi Zanzibar sinkathera komweko, chifukwa ena ankakwezedwanso zombo za ku Arabia. Ukapolo ku Qatar unathetsedwa mu 1952. Lero ku Msheireb, pakatikati pa Doha, kuli nyumba yotchedwa Bin Jelmood House imene imafotokoza mbiri imeneyi poyera, ndipo m'maganizo mwanga imeneyi ndiyo nyumba yoyamba imene mlendo wochokera kwathu kuno ayenera kulowamo.

Malonda a ngale anagwa mwadzidzidzi. Anthu a ku Japan, motsogozedwa ndi Kokichi Mikimoto, anadziwa kuweta nkhono zobala ngale, ndipo mavuto azachuma a padziko lonse a 1929 anathamangitsa ogula. Njala inalowa m'Doha, mabanja ambiri n'kusamukira kwina. Mafuta anapezeka ku Dukhan nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikungoyamba, koma nkhondoyo inaimitsa ntchito, moti chombo choyamba cha mafuta chinanyamuka mu Disembala 1949. Qatar inalandira ufulu wodzilamulira pa 3 Seputembala 1971, chaka chomwecho chimene pansi pa nyanja, kumpoto kwa dzikolo, panapezeka gasi wochuluka zedi amene akulidyetsa lero.

Ndalama zitabwera, Doha inayamba kukwirira nyanja ndi mchenga kuti ipeze malo. Gombe linakonzedwa kukhala msewu wokhota wa Corniche, wa makilomita 7, ndipo kumapeto kwake mu 1982 kunatsegulidwa hotela ya Sheraton yooneka ngati piramidi. Kwa zaka zambiri inaima yokhayokha pamchenga. Lero yazingidwa ndi nyumba zosanja za West Bay moti imaoneka yaifupi.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga: masewera a Asian Games mu 2006, Museum of Islamic Art yojambulidwa ndi I.M. Pei mu 2008, bwalo la ndege la Hamad mu 2014, sitima za pansi panthaka mu 2019, ndi World Cup ya 2022 imene Argentina inatenga ku Lusail. Chilumba chochita kumanga cha The Pearl, chokhala ndi mahotela, magombe osambira ndi madoko a maboti a anthu olemera, chili pamalo pamene kale ankatolapo ngale. Mu Malichi 2023 mzindawu unalandira msonkhano wa United Nations wa maiko osauka kwambiri, pomwe Lazarus Chakwera analankhula ngati wapampando wa gulu la maikowo.

Nanga akumanga zonsezi ndani? Mwa anthu pafupifupi 3 miliyoni a m'Qatar, eni dziko ndi mmodzi yekha pa anthu khumi alionse. Otsalawo ndi obwera kuchokera ku India, Nepal, Bangladesh, Philippines, Kenya, Uganda ndi kwina, ambiri atakongola ndalama kwawo zolipira amene anawapezera ntchito. Dziko lapansi litadandaula kwambiri, boma linasintha malamulo mu 2020 kuti wantchito azitha kusintha bwana popanda chilolezo chake, mu 2021 linakhazikitsa malipiro otsikitsitsa a 1,000 riyal pamwezi, ndipo limaletsa ntchito ya panja kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana nyengo yotentha. Kusinthaku n'kwabwino, koma lamulo la papepala silithandiza amene salidziwa.

Choncho inu achinyamata amene mukulakalaka ntchito ku Doha, werengani kontrakiti yonse musanakwere ndege, pasipoti yanu musapatse bwana kuti akusungireni, ndipo musalowe m'ngongole ya katapila pofuna kulipira munthu wokulonjezani ntchito.