Manda a Mafumu a ku Mycenae

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, m'phunziro lino tipita ku dziko la Greece, kum'mwera ca kum'mawa kwa Europe. Tsegulani mapu anu mupeze mzinda wa Athens. Kucokera pamenepo yendetsani cala canu kum'mwera ca kumadzulo, ulendo wa makilomita pafupifupi 120. Mwafika pa kaphiri pamene pali mabwinja a mzinda wakale wochedwa Mycenae. Anthu a mzindawu ndi a mizinda ina ya mtundu wao anali amphamvu m'dziko la Greece kuyambira ca m'ma 1600 B.C. kufikira ca m'ma 1100 B.C. Kumbukirani kuti zaka za B.C., ndiye kuti Khristu asanabadwe, timaziwerenga cobwerera m'mbuyo: caka ca 1600 B.C. ncakale koposa ca 1100 B.C.

Anthuwa anali kudziwa kulemba. Zolemba zao za pa mapale a dongo zinawerengedwa koyamba m'caka ca 1952 ndi Mngelezi wina dzina lake Michael Ventris, koma zambiri zimene zinapezekamo ndi ziwerengero za nkhosa, mafuta, tirigu ndi magareta. Mbiri ya mafumu ao sanailembe. Cifukwa cake amene afuna kudziwa za mafumuwo amapita kumanda kwao. Mandawo ali a mitundu itatu, ndipo tikawayang'ana motsatana tiona m'mene maganizo a mafumu anasinthira. Poyamba anali kubisa cuma cao pansi pa nthaka, koma pambuyo pake anafuna kuti manda eni ake aonetse mphamvu zao kwa aliyense wopita m'njira.

Manda a dzenje

Mtundu woyamba unali wa dzenje. Adzukulu anali kukumba dzenje lalikulu la ngondya zinai, lina lakuya mpaka mamita anai. Pansi pake anali kuyalapo timiyala, ndipo m'mbali mwake anali kumanga tizipupa tatifupi. Atagoneka maliro pamodzi ndi katundu wake, anali kupingasa mitanda ya mitengo pa tizipupato ndi kufolera ndi miyala yaphanthi kapena nthambi ndi dongo, kotero kuti wakufayo anakhala m'kacipinda kosagwera dothi. Kenaka anali kukwirira dzenje lonse ndi kuimika mwala pamwamba. Wina wa banja lomwelo akamwalira, anali kufukulanso dzenjelo, kusendeza mafupa akale pambali ndi kugonekamo maliro atsopano.

M'caka ca 1876 Mjeremani wina, Heinrich Schliemann, anafukula manda asanu otere pa bwalo lozingidwa ndi miyala, pafupi ndi cipata ca mzinda. Caka cotsatira Mgiriki Panagiotis Stamatakis anapeza manda acisanu ndi cimodzi. Onse pamodzi munali anthu 19, amuna, akazi ndi ana, ndiponso malupanga, zikho, mikanda ndi golide wolemera makilogalamu pafupifupi 15. Amuna ena anaphimbidwa kumaso ndi golide wosulidwa ngati nkhope ya munthu. Schliemann anayesa kuti wapeza manda a Agamemnon, mfumu imene nthano za Agiriki zimati inatsogolera nkhondo ya ku Troy. Koma akatswiri obwera pambuyo pake anaonetsa kuti mandawo ndi a zaka za m'ma 1500 B.C., zaka ngati 300 nthawi ya nkhondoyo isanafike. Bwalo lina la manda 26, lakale koposa loyambalo, linapezeka kunja kwa linga m'caka ca 1951.

Manda osemedwa m'thanthwe

Mtundu waciwiri unali wa mabanja opeza bwino amene sanali acifumu. Amisiri anali kusankha phiri la thanthwe lofewa ndi kusemamo zigawo zitatu. Coyamba ndi njira yopapatiza yolowa m'phirimo, imene m'Cigiriki ichedwa dromos. Caciwiri ndi khomo, ndipo cacitatu ndi cipinda cogonekamo maliro. Mwambo ukatha, anali kutseka khomo ndi miyala ndi kukwirira njirayo. Pa makomo ambiri apezapo mapale a zikho zosweka, ndipo akatswiri aganiza kuti abale anali kumwa vinyo potsazikana ndi womwalirayo, kenaka naswa zikhozo. Manda otere oposa 200 apezeka m'mapiri ozungulira Mycenae. Ku Dendra, pafupi ndi komweko, m'manda a mtundu uwu munapezeka cobvala cathunthu ca msilikali ca buronzi m'caka ca 1960. Buronzi ndi mkuwa wosanganiza ndi mtapo wina wochedwa tini.

Manda a denga lozungulira

Mtundu wacitatu, wochedwa tholos, ndiwo unali wa mafumu ndi akulu a dziko. Zigawo zake ndi zitatu zomwe zija, koma cipinda cake ncozungulira, comangidwa ndi miyala, ndipo m'kati cioneka ngati mphika waukulu wobvundikira. Ku Mycenae kuli manda asanu ndi anai a mtundu uwu. M'zaka za m'ma 1920 katswiri wa ku Britain, Alan Wace, anawagawa m'magulu atatu, naonetsa kuti oyamba anamangidwa ndi miyala yaing'ono yosasema, pamene omaliza anamangidwa ndi miyala ikuluikulu yosemedwa bwino.

Aakulu koposa onse ndi amene achedwa Mosungira Cuma ca Atreus, omangidwa pakati pa 1350 ndi 1250 B.C. Njira yake ndi yaitali mamita 36, m'lifupi mamita 6. Cipinda cake kucokera ku cipupa cina kufika ku cinzake ndi mamita 14 ndi theka, ndipo kutalika kwake kupita m'mwamba ndi mamita 13. Amuna asanu ndi atatu ataimirirana pamutu, ndiye kuti wapamwambayo wafika ku denga. Kwa zaka zoposa 1,000 panalibe denga lina lozungulira lopanda mzati loposa limeneli.

Nanga analimanga bwanji, popeza analibe simenti, makina kapena zipangizo za citsulo? Poyamba anakumba njira m'phiri ndi dzenje lalikulu lozungulira. M'dzenjemo anayala mzere woyamba wa miyala mozungulira ngati mphete. Mzere waciwiri anauika pamwamba pa woyamba, koma atausendeza pang'ono kuloza m'kati. Wacitatu anausendezanso, ndipo anapitiriza cotero kufikira mizere 33, pamene panatsala kabowo kotseka ndi mwala umodzi. Zinthu ziwiri ndizo ziletsa miyalayi kugwa. Mzere uliwonse ndi mphete yotseka, kotero mwala ukafuna kugwera m'kati umapanikizidwa ndi anzake a kumanja ndi kumanzere. Ndiponso kumbuyo kwa mzere uliwonse amisiri anatsindira timiyala ndi dothi, zimene zipsinja mbali ya kunja ya mwalawo. Atamaliza anasalaza nsonga zonse zoturukira m'kati, namata dongo pamwamba kuti madzi a mvula asalowe, naunjikapo mtumbira waukulu.

Bvuto lalikulu linali pa khomo, limene ndi lalitali mamita oposa asanu. Pamwamba pake anagonekapo miyala iwiri yopingasa. Wa m'kati ulemera matani pafupifupi 120, kulemera kofanana ndi matumba a cimanga a makilogalamu 50 okwana 2,400. Akatswiri aganiza kuti mwalawu sananyamule ai, koma anaukoka pa mitengo m'mbali mwa phiri kufikira utafika pamwamba pa khomo, popeza mandawo anakumbidwa m'phiri momwemo. Koma mwala wautali wotere ukasenza katundu pakati umathyoka. Cotero pamwamba pake amisiri anasiyapo mpata wa ngondya zitatu, kuti kulemera kwa denga kutsikire m'mbali mwa khomo. Mpatawo anaubisa ndi miyala yofiira yopepuka, ndipo m'mbali mwa khomo anaimika mizati yokongola ya mwala wobiriwira. Zidutswa zina za mizatiyo ziri ku British Museum mu mzinda wa London.

Zimene zinatsala

Tsono taonani cimene cinacitika. Ca m'ma 1200 B.C. nyumba zacifumu za ku Mycenae zinaonongedwa ndi moto, ndipo pang'ono ndi pang'ono ufumu unatha. Manda aakulu aja, popeza anali oonekera kwa onse, analowedwa ndi akuba, ndipo onse asanu ndi anai anapezeka atalandidwa cuma. Pamene mlendo Wacigiriki Pausanias anafikako m'zaka za m'ma 100 A.D., analemba kuti zipinda zimenezi zinali mosungira cuma ca Atreus ndi ana ake. Apa ndi pamene panacokera dzina lija. Dzina lenileni la mfumu imene inagonekedwamo linaiwalika.

Zobisika ndizo zinapulumuka. Ku Vapheio, pafupi ndi Sparta, Christos Tsountas anapeza m'caka ca 1889 kadzenje pansi pa cipinda kamene akuba sanakaone, ndipo munali zikho ziwiri za golide zojambulidwa anthu akugwira ng'ombe zamphongo. Ku Pylos, m'caka ca 2015, anapeza manda a dzenje a msilikali mmodzi osakhudzidwa ndi munthu, muli lupanga lake ndi mphete zinai za golide. Manda a dzenje atiuza zimene mafumu anali nazo, ndipo manda a denga lozungulira atiuza zimene amisiri ao anali kudziwa ndi kuculuka kwa anthu amene mfumu inali kulamulira pa nchito. M'caka ca 1999 bungwe la UNESCO linaika Mycenae pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Zocita m'kalasi

Aphunzitsi, turutsani ana pabwalo. Khomani cikhomo pansi, mumangireko cingwe ca mamita 7 ndi kotala, ndipo mwana mmodzi azungulire naco akulemba mzere pa dothi. Kumeneko ndiko kukula kwa cipinda ca manda a Atreus. Pambuyo pake ana aumbe tinjerwa ta dongo, ayese kumanga denga laling'ono mzere ndi mzere. Gulu lina litsindire dothi kumbuyo kwa mzere uliwonse, lina lisatero, ndipo aone denga limene liyambe kugwa.

Ana inu, yankhani mafunso awa m'makope anu:

1. Chulani mitundu itatu ya manda a ku Mycenae.
2. Ncifukwa ciani amisiri anasiya mpata wa ngondya zitatu pamwamba pa khomo?
3. Ncifukwa ciani golide wambiri anapezeka m'manda a dzenje, osati m'manda aakulu?