Du Chisiza ndi ntchito yokonza zisudzo ku Malawi

Ku Neno dzina la Chisiza lidafika ndi mfuti lisadafike ndi zisudzo. Mu Okutobala 1967 Yatuta Chisiza adalowa m'dziko muno ndi kagulu ka anthu onyamula zida kudzalimbana ndi boma la Dr Kamuzu Banda, ndipo asilikali adamupha m'dera la Mwanza, boma limene Neno idapatukako mu 2003. Mng'ono wake, Dunduzu, adali atafa kale pa ngozi ya galimoto yokayikitsa mu Seputembala 1962. Mwana wa Dunduzuyo, amene tonse timamudziwa kuti Du Chisiza Junior, adabadwa pa 26 Malichi 1963, bambo ake atagona kale m'manda. Mwana wa banja lotereli adasankha kulankhula ndi dziko kudzera m'masewero, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti ufulu wa munthu wokonza zisudzo umatsamira pa amene akumulipira.

Du adakula zisudzo za pa siteji zili m'manja mwa aphunzitsi ndi ophunzira. Bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linkachititsa mpikisano wa masukulu a sekondale chaka ndi chaka, gulu loyendayenda la ku Chancellor College linkaonetsa masewero ake, ndipo wailesi ya MBC inali ndi Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Sewero lililonse linkayenera kuvomerezedwa ndi bungwe lounika zoonetsedwa pagulu, malinga ndi lamulo la 1968. Du adatulukira mumpikisano wa ATEM womwewo: ali pasukulu ya HHI ku Blantyre, sewero lake The Deceased's Attack lidapambana mu 1982. Kenaka adakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, ku America, ndipo atabwerako adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987.

Apa ndi pamene zinthu zidasintha. Wakhumbata idakhazikitsidwa kuti zisudzo zikhale ntchito yodyetsa munthu, osati zotayitsa nthawi munthu akaweruka kwina. Kuti zimenezi zitheke, Du sadangokhala wolemba kapena wosewera. Ankasankha anthu, kuwaphunzitsa, kupeza holo, kulengeza, kukonza mayendedwe, kukambirana ndi ounika masewero, n'kuonetsetsa kuti ndalama za pakhomo zakwanira zonsezo. Ntchito imeneyi owonera saiona, koma popanda iyo sewero limathera papepala. Adalemba masewero oposa 20, monga Fragments, Papa's Empire, Educating Mwalimu ndi Barefoot in the Heart, ndipo anthu ankadzaza ku French Cultural Centre ku Blantyre chifukwa ankadziwa kuti kumeneko amva mophiphiritsa zimene sakadayerekeza kunena pamsewu. Bwana wake weniweni adali munthu wogula tikiti. Ounika ankatha kuletsa sewero, koma uthenga wake sunkalembedwa muofesi ya wina aliyense.

Munthu wa ku Neno angatsutse kuti zonsezi n'zam'tauni. Masewero a Du ambiri adali m'Chingerezi, oonetsedwa m'maholo olipiritsa, kutali ndi mlimi wa mbatata kwa Dambe amene nthawi ya mvula ngakhale ulendo wopita pa Boma umamuvuta. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ndicho chilema cha zisudzo zodalira tikiti: zimapita kumene kuli ndalama ndi msewu wabwino. Amene adalankhula ndi anthu akumudzi m'chiyankhulo chawo adali a Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, komanso wailesi. Komabe mwana wa sekondale ya kumudzi akamayeserera sewero la mpikisano, ali panjira imene Du adadutsa, ndipo Du adaonetsa kuti njirayo ikhoza kufika pa ntchito yolemekezeka. Iye asadachite zimenezo, kholo lililonse likadanena kuti mwanayo akungotaya nthawi.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemerapo. Mu 1993, dziko lili pakati posintha kupita ku ndale za zipani zambiri, Du adavomera kukhala nduna ya achinyamata, masewero ndi chikhalidwe m'boma la Kamuzu, boma lomwe lidapha bambo ake aakulu. Ambiri amene ankamukonda zidawapweteka, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi. Koma nkhaniyi ikutsimikizira mfundo yomweyo. Anthu adadandaula chifukwa ankadziwa kuti mawu a munthu wodya za boma salemera ngati mawu a munthu wodalira owonera ake.

Du adamwalira pa 24 Febuluwale 1999, ndipo patangopita masabata asanu, pa 1 Epulo, kanema wa Television Malawi adayamba kuulutsa. Gertrude Kamkwatira adatsogolera Wakhumbata, kenaka adayambitsa gulu lake la Wanna-Do, n'kupitiriza kuyenda m'maholo mpaka imfa yake mu 2006. Koma mphamvu inali itayamba kusamukira kwina. Sewero la Tikuferanji, lothandizidwa ndi bungwe la ADRA, lidamveka pa wailesi n'kuonekanso pa kanema, ndipo Michael Usi, amene ankasewera ngati Manganya m'seweroli, adadziwika dziko lonse mpaka kudzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. A Story Workshop nawo adakonza Zimachitika pa wailesi. Masewerowa ali m'Chichewa, salipiritsa, ndipo adafika kumene Wakhumbata sikadafika, ngakhale kuti m'midzi yambiri ya Neno wofikitsa ndi wailesi, poti magetsi opangidwa pa Nkula ndi Tedzani, m'mphepete mwa boma lomweli, nyumba zambiri sadazifikire.

Phindu limeneli si laling'ono, makamaka pa nkhani ya Edzi imene masewerowa adathandiza mabanja kuikambirana. Koma wolipira adasintha. Bungwe likapereka ndalama limaperekanso mutu wa nkhani, ndipo wokonza sewero amayamba kuganizira lipoti asadaganizire owonera. Magulu a zisudzo a m'maboma ngati Neno kawirikawiri amaitanidwa pakakhala kampeni ya katemera, ya chisankho kapena ya ukhondo, amasewera uthenga umene apatsidwa, ndipo pulojekiti ikatha nawonso amabalalika. Nkhani zimene anthu akukambirana okha pamsika, za msewu, za mtengo wa feteleza, za mavenda ogula mbatata motchipa, zimasowa woziika pa bwalo chifukwa palibe bungwe limene lidaziika mu bajeti yake.